TIWERENGENSO ANA AMENE SANAFIKE PA MAYESO

Amayi ndi abambo a m'nthambi yathu, chaka ndi chaka bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'midzi muno mumabuka mkangano. Ena amati aphunzitsi ndi aulesi, ena amati ana a makono ndi osamva, enanso amati mphunzitsi wamkulu achoke. Ife tikuti mlandu suweruzidwa mboni zisanalankhule. Tiyambe tafunsa: kodi ndi ana otani amene amalowa pa sekondale yaing'ono yoyendera ya kumudzi, ndipo ndi angati amene amafika tsiku la mayeso?

Tikumbutsane kumene tachokera. Sekondale yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza mu 1951. Masiku amenewo mwana wopita ku sekondale ankadziwika boma lonse. M'chaka cha 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo ana anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Khamu limeneli linafunika kolowera. Tsono mu 1998 boma linasandutsa malo amene ana ankaphunzirapo pansi pa MCDE kukhala sukulu za CDSS. Dzina linasintha msanga, koma nyumba, mabuku ndi aphunzitsi sizinabwere pa liwiro lomwelo, ndipo ambiri ophunzitsa pamenepo anali oti anaphunzira ntchito ya ku pulaimale.

Taonaninso m'mene ana amasankhidwira akalemba mayeso a Sitandade 8. Okhoza koposa amatengedwa ndi sukulu za dziko lonse, otsatira amapita ku sukulu zogonera komweko ndi zoyendera za m'boma lawo, ndipo otsala ndiwo amabwera ku CDSS. Mwana wa pano amadzuka kusanache, amatunga madzi kapena kuyamba wapita kumunda, nkuyenda mtunda wautali, nthawi zina wopanda kanthu m'mimba. Amaphunzira za sayansi pa bolodi, zipangizo zake osazigwirapo, ndipo buku limodzi amalimbirana ambiri. Komatu pepala la mayeso ndi limodzi, la iye ndi la mnzake wogona pa sukulu ya magetsi. Kuti alandire satifiketi ayenera kukhoza Chingerezi, ndipo kuti aganiziridwe ku yunivesite afunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Kodi nkoyenera kuyerekeza sukulu ziwirizi ngati kuti zinanyamukira pa mzere umodzi? Ife tikuti iyayi.

Chinanso nchakuti chiwerengero cha okhoza chimanyenga pa sukulu yaing'ono. Tiyerekeze kuti olemba mayeso alipo 20. Mwana mmodzi yekha ali ngati 5 pa 100 alionse. Ana awiri akadwala malungo sabata ya mayeso, sukulu yatsika ndi 10 pa 100, ndipo anthu ayamba kunyoza. Chaka chinacho awiri akachita bwino, tivina kuti sukulu yakwera. Choncho musaweruze ndi chaka chimodzi. Ikani zaka zisanu pamodzi, ndipo mudzaona kumene sukulu ikulowera.

Koma chachikulu koposa ndi ichi: chiwerengero chimenechi chimawerenga okhawo amene anakhala pansi nkulemba. Amene anasiyira pa njira sichiwadziwa. Sukulu ikalandira ana 50 m'Fomu 1, nkufikitsa 20 okha ku mayeso, 15 nkukhoza, pepala lidzati 75 pa 100 akhoza, pamene zoona zake nzakuti mwa ana 50 amene tinapereka, 35 abwerera chimanjamanja. Ndipo mukalowa m'kalasi la Fomu 4 kumidzi yambiri, mudzaona kuti amene achepa ndi atsikana. Ena anatenga pakati, ena anakwatiwa, ena anatopa ndi mtunda, ndipo ena anakachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu popanda wamkulu wowayang'anira, nkugwa m'manja mwa anthu oipa mtima. Ana amasiye ndi a m'mabanja osauka nawonso amatha mwakachetechete, makamaka miyezi ya njala.

Pa zimenezi lamulo lili kumbali yathu. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinakhazikitsa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo inaonetsa kuti mfumu ikalimba mtima mudzi umamvera. Lamulo lilipo, chosowa ndi anthu oliyendetsa.

Tsono ife tikupempha nthambi iliyonse kuti ichite zinthu zinayi. Choyamba, tumizani anthu awiri, mayi ndi bambo, kwa mphunzitsi wamkulu mwaulemu, akapemphe chiwerengero cha anyamata ndi atsikana m'kalasi lililonse, ndi cha amene asiya chaka chino. Chachiwiri, mwana aliyense wosiya sukulu atsatiridwe kwawo, mogwirizana ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana ndiponso nyakwawa. Chachitatu, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musatumize mawu, pitani nokha, ndipo funsani za ndalama zonse zimene sukulu yalandira. Chachinayi, chilimwe chino tiumbe njerwa za nyumba ya mphunzitsi ndi chigono cha atsikana, kenaka tipite kwa khansala ndi phungu wathu kukapempha malata, simenti ndi aphunzitsi ophunzitsidwa za sekondale. Wopempha atanyamula njerwa zake samubweza msanga.

Sitikuti mphunzitsi wojomba kapena woledzera asadzudzulidwe. Adzudzulidwe ndithu, ndipo akapanda kumva, nkhani ipite kwa akuluakulu a maphunziro. Koma mutu umodzi susenza denga. Sukuluyi ndi ya ana athu, ndipo ambiri a ife tilibe kwina kowatumiza. Pa msonkhano wa nthambi wa mwezi wa mawa, mlembi aliyense abwere ndi chiwerengero cha sukulu ya kwawo cholembedwa pa pepala.

MKONZI