Wobedwa ndi Chikondi cha pa Foni Si Chitsiru

Nkhani yake tonse tinaionapo pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mayi wina anatumiza ndalama kwa "msilikali wa ku America" amene sanamuonepo ndi maso, ati kuti katundu wa mphatso atuluke pa customs. Katundu kulibe, msilikali kulibe. Pansi pa nkhaniyo anthu ali gwa ndi kuseka: "Anali kufuna mzungu uyu." Ngakhale ife pa wailesi ya m'dera tinasekapo nkhani zotere omvera akaimba foni. Tinalakwa, ndipo kafukufuku wa akatswiri akuonetsa pamene tinalakwira.

Mu 2012, Monica Whitty ndi Tom Buchanan, akatswiri a maganizo a anthu ku Britain, anayerekeza kuti anthu pafupifupi 230,000 a m'dzikolo anali atagwapo mumsampha umenewu. Mu 2018 Whitty anafufuza kuti obedwawo ndi anthu otani, ndipo anapeza kuti ambiri ndi azimayi a zaka zapakati, ophunzira bwino. Tsono zija timakamba kuti amagwa ndi osapita kusukulu chabe n'zabodza.

Whitty anaonetsanso mmene akubawa amagwirira ntchito. Sapempha ndalama tsiku loyamba. Amayamba ndi chithunzi chakuba ndi mbiri yopeka. Kenaka kwa masabata kapena miyezi amakulembera m'mawa ndi usiku, kufunsa ngati wadya, kukumbukira dzina la mwana wako. Ukazolowera, amayesa ndi kapempho kakang'ono. Ukapereka, vuto lalikulu limabwera: ngozi, chipatala, katundu wogwidwa pa malire. Pamenepo munthu saona kuti akutumizira mlendo, amaona kuti akuthandiza wokondedwa wake.

Wina adzati, "Koma ndalamazo anatumiza yekha, palibe anam'loza mfuti." Cassandra Cross wa ku Queensland University of Technology ku Australia, pamodzi ndi anzake awiri, anaonetsa mu 2018 kuti njira za akubawa zimafanana ndi za anthu ochita nkhanza m'banja: kumulekanitsa munthu ndi abale ake, kumudyera nthawi yonse, kumuchititsa kudziona wolakwa akakana. Mkazi amene amazunzidwa kunyumba sitimuseka kuti anakwatiwa yekha. Nanga uyu tikumusekeranji?

Kuseka kwathu kuli ndi mtengo. Cross analemba mu 2015 kuti anthu amaona obedwa ngati adyera ndi opusa, ndipo nthabwala zotere zimawachititsa kubisa zimene zinawachitikira. Wobisa sapita kupolisi, sachenjeza mnzake, ndipo wakuba amapita kwa wina ndi nambala yomweyo. Nthawi zina amabwerera kwa yemweyo, atasanduka "wapolisi" kapena "loya" wolonjeza kubweza ndalama ngati alipira kaye. Ku America kokha, bungwe la FTC linalandira madandaulo pafupifupi 70,000 mu 2022, ndalama zotayika madola 1.3 biliyoni. Awa ndi amene analimba mtima kunena.

Whitty ndi Buchanan mu 2016 anafotokoza kuti wobedwa amamenyedwa kawiri: ndalama zapita, ndipo munthu amene anali kumukonda wapitanso. Ena mwa amene anakamba nawo anati kutaya chibwenzicho kunawawa kuposa ndalama, ngati maliro. Ife tikaika chithunzi chake pagulu, timam'menya kachitatu.

Tisaganize kuti izi n'zakutali. Mu April 2024, a Drug Enforcement Commission anagwira anthu 77 pa kampani ina ku Roma mu Lusaka, pamodzi ndi ma SIM card oposa 13,000. Ambiri anali achinyamata a kuno amene analembedwa ngati ogwira ntchito pa call centre, kupatsidwa mawu olembedwa kale oti azinyengera anthu pa intaneti. Ndiye kuti kumbali ina kuli ofesi, mabwana, makompyuta ndi mawu okonzedwa bwino. Kumbali inayo kuli munthu mmodzi, yekha usiku ndi foni yake. Kodi woyenera manyazi ndani apa?

Ife tasankha kuti pa wailesi sitidzachitanso nthabwala ndi anthu amenewa, ndipo tikupempha inunso anzathu. Azakhali anu, mlongo wanu kapena mnzanu wa mu komboni akakuululirani, musajambule uthengawo n'kuutumiza pagulu. Muuzeni aleke kutumiza ndalama, ngakhale kwa wolonjeza kuzibweza. Sungani mauthenga onse, manambala ndi ma reference a mobile money. Mum'perekeze kupolisi, mudziwitsenso ZICTA ndi kampani ya foni. Ndipo akalirira munthu amene sanakhaleko, msiyeni alire, chifukwa chikondi chake chinali chenicheni.