Moto wa pa Kaphirintiwa unalibe mtima

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 4, ndipo foni sichoka m'manja mwake. Tsiku la msika pa Nsaru tinakhala pakhonde la sitolo ina pamene amatchajitsa mafoni pa sola, iye n'kumandionetsa momwe ChatGPT imamuyankhira mafunso a sayansi. Kenaka anatsitsa mawu. "Atsibweni, anthu akuti chinthuchi tsiku lina chidzadzizindikira chokha, n'kutiukira ngati mmene Adamu anachitira kwa Mulungu."

Ndinamufunsa ngati amadziwa zimene zinachitika pa Kaphirintiwa. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati kumeneko kuli sekondale.

Apa ndi pamene mtima unandiwawa. Mwana wobadwira kwa Kabudula, Mchewa weniweni, akudziwa mantha a anthu a ku California koma sakudziwa phiri limene makolo ake amati anthu oyamba anatsikirapo. Chonsecho mapiri a Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa, ali m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, kumalire ndi Mozambique.

Nkhani yake ndi iyi, kwa inu amene agogo anu sanakuuzeni. Dziko linali louma, lopanda chamoyo. Kenaka mitambo inasonkhana, mvula inagwa, ndipo Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Anthuwo ananyamula khasu, mtondo ndi lichero. Thanthwe limene anaterapo linali lofewa, n'chifukwa chake amati mapazi awo anadindika pamenepo. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere, Chauta ali pakati pawo. Tsiku lina munthu anatola timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, n'kuyamba kupeka. Anamuchenjeza kuti asiye, iye osamva. Utsi unafuka, moto unabuka, tchire lonse linayaka. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu. Njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kutali, zili ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Bilimankhwe anakwera mumtengo. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, ndipo ali kumeneko analamula kuti munthu azifa.

Tsono mnyamata uja sanalakwe kuona kufanana. Mantha amene akumveka kunjaku ndi akalekale, angovala malaya atsopano. M'chaka cha 1818 Mary Shelley analemba buku la Frankenstein, la munthu wophunzira amene anaumba cholengedwa chake, n'kuchithawa atangochiona chikutsegula maso, chija n'kumusakasaka mpaka kumuthera abale. Mu 1920 Karel Čapek analemba sewero la maloboti ogwira ntchito m'fakitale amene pamapeto anapha eni ake. Masiku athu ano, mu June 2022, katswiri wina wa ku Google, Blake Lemoine, anauza dziko kuti makina otchedwa LaMDA ali ndi maganizo awoawo ndipo akuopa kuzimitsidwa. Kampani inakana, n'kumuchotsa ntchito mwezi wotsatira. ChatGPT inatuluka mu November chaka chomwecho. Pofika March 2023, anthu ambirimbiri, kuphatikizapo Elon Musk, anasayinira kalata yopempha kuti ntchito yokulitsa makinawa iyambe yaima kwa miyezi 6. Siinaime. Mu May, Geoffrey Hinton, mmodzi mwa anthu amene anayala maziko a makina oterewa, amene amatchedwa AI, anasiya ntchito ku Google kuti azilankhula momasuka za kuopsa kwake.

Amene anakulira mu Sande Sukulu akuona kale kumene nkhaniyi ikuchokera. M'buku la Genesis, Mlengi aumba munthu m'chifanizo chake, amuikira malire, munthu adya chipatso cha kudziwa, maso atseguka, ndipo Mlengi amutulutsa m'munda kuti asafikenso pa mtengo wa moyo. Patsogolo pake anthu amanga nsanja ya Babele, Mlengi aona kuti akawasiya palibe chidzawakanike, awasokonezera chinenero. Eni makina a lero adziika pampando wa Mlengi. Aumba chinthu cholankhula ngati iwo, achiikira malamulo, akonza pozimitsira, ndipo usiku sagona poopa kuti chidzawachita zimene iwo anamuchita Mulungu wawo. Ndikuwamvetsa. Munthu amadziwa mtima wake, ndiye sangakhulupirire chinthu chimene chaphunzira kwa iye.

Koma ine nkhani ya makolo athu imandiuza china, ndipo ndikuona kuti ndi chimene chikutikhudza ife kuno. Pa Kaphirintiwa panalibe woukira. Munthu sanadane ndi Chauta, sanafune mpando wake. Anali wochenjera, manja ankamuyabwa, ndipo sanafune kumva. Moto nawo unalibe mtima, unalibe maganizo, sunadzizindikire. Sunakonze chiwembu chotentha tchire. Unangoyaka basi, ndipo dziko silinabwererenso mwakale.

N'chifukwa chake funso loti makinawa adzadzuka liti silindisowetsa tulo. Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kodziwika: amawadyetsa zolemba za anthu zosawerengeka, iwo n'kuphunzira kulosera liwu loyenera kutsatira linzake. Akanena kuti akuopa imfa, ndi chifukwa anthu alemba za kuopa imfa kuyambira kalekale. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi amene wagwira timitengo tija, komanso amene tchire lake lili pafupi. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire latsala kwathu kuno.

Taganizani za mayi wa ku Nambuma amene mwana wake ali ku Johannesburg. Akuba a pa foni, aja otumiza uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, atibera kale mokwanira ndi mameseji olembedwa mokhotakhota. Lero alipo makina otha kutengera mawu a munthu atangomva kachidutswa ka kulankhula kwake. Mayiyo akadzamva mawu enieni a mwana wake akulira kuti wamangidwa, adzagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Makina amenewo sakusowa mzimu kuti amusaukitse. Taganizaninso za achinyamata a ku Kenya amene magazini ya Time inaulula mu January 2023 kuti ankalipidwa ndalama zosakwana madola 2 pa ola, kuwerenga zolemba zonyansa tsiku lonse kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa. Amenewo moto unawawaula kale, eni ake akadali pa mtsutso wa zam'tsogolo.

Ndipo onani bwino za galu ndi mbuzi. Anapulumuka, inde, chifukwa anathamangira kwa mwini moto. Koma kuyambira tsiku limenelo mbuzi imagona m'khola ndipo nthawi ya dzinja imamangidwa chingwe. Mtundu umene udzasiye kudziganizira wokha, n'kumafunsa chilichonse kwa makina a eni, kuyambira kalembedwe ka kalata mpaka tsiku lodzala chimanga, udzapulumuka chimodzimodzi.

Musandimve ngati wodana ndi moto. Nsima imene ndadya lero yapsa ndi moto, ndipo makasu a makolo athu anatuluka m'ng'anjo. Bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, AI yoyankha alimi pa WhatsApp m'Chichewa, yotengera malangizo a Unduna wa Zamalimidwe. Mlimi amajambula tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi, kutumiza, n'kulandira yankho. M'dera limene mlangizi mmodzi amayendera midzi yambirimbiri pa njinga, ndani anganyoze chithandizo chotere? Koma makolo athu atalandira moto anauikira mwambo. Tchire silinkatenthedwa ndi aliyense amene wafuna. Mfumu ndiyo inkanena tsiku, mudzi wonse n'kukonzeka, ndipo wotentha nthawi isanakwane ankakhala ndi mlandu. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anafufuza kwambiri za chipembedzo cha Achewa ndi Amang'anja, analembapo za kupatulika kwa moto wa tchire m'dziko muno.

Lero mwambo umenewo uli kuti? Yendani mu September kapena October kuchokera pa Mpingu kupita ku Namitete dzuwa litalowa. Uku moto, uko moto. Anyamata atatu akufuna mbewa zodzaza ndodo imodzi, ayatsa mapesi a m'munda wa mwini, mphepo itenga motowo, upsereza udzu wofolera nyumba, ulowa kumanda, uwaula timitengo timene ana asukulu anadzala mu January. M'mawa palibe amene anaona. Ndalankhula za khalidwe limeneli chaka ndi chaka ndipo sindidzatopa. Nanga Dzalanyama weniweniyo? Mbandakucha njinga zimatsetsereka zitasenza matumba a makala aatali kuposa mwini njinga, kulunjika mumzinda. Zinafika poti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo, pakuti ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi amene mzinda wonse umamwa. Malo amene timati Chauta anaponda, ife tikuwagulitsa pa thumba. Anthu amene talephera kusunga mwambo pa moto wa machesi, tidzausunga bwanji pa moto wobwera pa intaneti? Mukudziwa nokha yankho lake.

Chimandipweteka kwambiri n'choti zida zoganizira nkhaniyi tili nazo, koma tazitaya kuseri kwa nkhokwe. Samuel Josia Ntara anatilembera Mbiri ya Achewa. Kachisi wa ku Msinja ndi mbiri ya Makewana zili m'boma lomwe lino. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amatuluka m'midzi yathu pa maliro ndi pa chinamwali, ndipo Schoffeleers yemweyo ankaona m'bwalo la gule kukumananso kwa kanthawi kwa anthu, nyama ndi mizimu zimene moto unabalalitsa. Makolo anadziwa kuti wotentha ali ndi ngongole kwa otenthedwa. Kunja akuluakulu achipembedzo ayamba kale kulankhula. Papa Leo XIV atangosankhidwa mu May 2025 ananena kuti china chimene anatengera dzinalo ndi kukumbukira Leo XIII, amene mu 1891 analemba zoteteza ogwira ntchito m'mafakitale, pakuti AI yabweretsa mavuto ofanana pa ntchito ndi pa ulemu wa munthu. Ine ndikufuna kumva ulaliki wotero pa Nambuma ndi pa Namitete, m'matchalitchi a CCAP ndi m'mizikiti, m'Chichewa chomveka kwa agogo.

Aphungu athu a madera ano, mukapita ku Nyumba ya Malamulo kafunseni mafunso a anthu anu. Makina akamulangiza mlimi molakwika mbewu n'kupserera, alipire ndani? Mawu ndi zithunzi za anthu athu zikupita kuti, ndipo akupindula nazo ndani? Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo udindo wolilondoloza uli m'manja mwa MACRA. Liwerengeni, mubwere mudzatimasulire pansi pa mtengo. Mafumu, bwezeretsani chindapusa cha wotentha tchire. Ndipo inu makolo, madzulo ano foni ikapita kotchaja, khazikani ana pansi muwauze za Kaphirintiwa, kuyambira pa mvula yoyamba mpaka pa ulusi wa kangaude.