ZA UMOYO WATHU: Shuga wa Amai Apakati

Sabata ino, awerengi athu, tikambe za matenda a shuga amene amagwira amai ali ndi pakati, ngakhale amene sanadwalepo shuga cibadwire. Mimba ikamakula, nsengwa imatulutsa zinthu zofooketsa mphamvu ya insulin, imene nchito yace ndi kucotsa shuga m'magazi. Thupi likalephera kupanga insulin yokwanira, shuga acuruka, ndipo afika kwa mwana.

Coopsa cace ncakuti amai ambiri samva kupweteka kulikonse. Mwana angokula mopitirira m'mimba. Kumudzi timakondwera naye mwana wotere, ati ndi dzitho, koma azamba adziwa bwino mabvuto ace: mapewa akakamira pobadwa, amai apita ku opaleshoni, ndipo khandalo shuga wace angatsike moopsa litangobadwa.

Kawirikawiri kupima kumacitika pakati pa masabata 24 ndi 28. Mai agona osadya, m'mawa atengedwa magazi, amwa madzi osungunulamo magalamu 75 a shuga, napimidwanso patapita ola limodzi ndi maola awiri. M'caka ca 2013 bungwe la World Health Organization linaika malire akuti shuga akafika 5.1 munthu asanadye, kapena 8.5 patapita maola awiri, matendawo alipo. Kupima mkodzo kokha sikukwanira.

Koma alipo amai osayenera kudikira masabata 24: amene anabalapo mwana wopitirira makilogalamu 4, onenepa kwambiri, amene makolo kapena abale ao ali ndi shuga, ndi amene anapezeka nao pa mimba yapita. Otere anene poyera kwa anamwino tsiku loyamba la sikelo, ndi kupempha kupimidwa. Kufufuza kumene kunafalitsidwa mu 2023 kunaonetsa kuti kuyamba cithandizo masabata 20 asanakwane kumacepetsako mabvuto a makanda, ngakhale kuti sikwambiri.

Apa mpamene mwambo wobisa mimba kufikira itaonekera utilakwitsa. Bungwe lomwe lija linalangiza mu 2016 kuti sikelo iyambe masabata 12 asanathe. Apongozi ndi azibambo, musaletse.

Opezeka nao asade nkhawa. Ambiri athandizidwa ndi kucepetsa zakumwa zotsekemera, vitumbuwa ndi mitanda ya nsima, kudya mgaiwa, nyemba ndi ndiwo zamasamba, ndiponso kuyendako atatha kudya. Ena afunika mankhwala kapena jekeseni ya insulin. Atacira abwererenso kucipatala patapita masabata 6 kukapimitsa, pakuti shuga ameneyu nthawi zina amadzabweranso m'zaka zamtsogolo.