Amuna anga akudyetsa abakha am'tchire mpunga wathu

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 36 ndipo ndili pabanja ndi ana anayi. Ndimakhala ku Makanjira m'boma la Mangochi. Amuna anga adakhala zaka 5 ku Joni komwe ankagwira ntchito pafamu ya mzungu wina, ndipo adabwerako chaka chatha ntchito itatha.

Chibwerereni, nkhani yawo ndi imodzi basi, ya abakha am'tchire. Akuti bwana wawo uja ankathira chakudya m'damu madzulo alionse, abakha n'kuzolowera, kenaka n'kuitana anzake kudzawawombera. Tsono nawonso akufuna achite zomwezo pathamanda lina lomwe lili m'dambo kuseri kwa mudzi wathu. Adayamba ndi madeya, koma pano akumatapa mpunga m'thumba. Chaka chino tidakolola matumba 6 okha, ndiye limodzi latha kale kupita m'madzi. Abakha akubweradi, makamaka dzuwa likamalowa, ndipo bambowa akuti akapeza mfuti kwa mnzawo wina wa kumalire, ndalama tizichita kuwola.

Agogo, pathamandapo ndi pomwe amayi timachapa, ana amasambira pomwepo, mbuzi ndi ng'ombe zimamwanso pomwepo. Ndikati ndilankhule amandiuza kuti ndine mbuli, sindidayende. Ine tulo sindikuona. Kodi ndingowasiya poti mwina aphulapo kanthu, kapena ndikatule nkhaniyi kwa ankhoswe? Chonde ndithandizeni.

Mayi wodandaula,
Makanjira.

Zikomo mayi,

Choyamba ndikuuzeni kuti simuli mbuli ayi. Munthu amene akuwerenga matumba n'kuona kuti safika mwezi wa February ndiye amene ali maso pakhomopo. Komanso amuna anu musawatenge ngati apenga. Bambo amene wabwera kuchokera ku Joni ntchito itatha amakhala ndi manyazi, amafuna aonetse abale ndi alamu kuti adabwerako ndi nzeru. Mukakumbukira zimenezi, mudzadziwa kalankhulidwe kake.

Zimene adaona pafamupo n'zoona, sakunama. Kumaiko monga ku Britain alenje amachitadi zimenezi. Amamwaza balere m'mphepete mwa dziwe, pamadzi osaya, chifukwa abakha ambiri amadya pongoviika mutu, samira pansi. Mbalamezi zimatuluka kukadya chisisira, ndipo zikapeza malo a chakudya zimabwerera tsiku ndi tsiku zitatenga zinzake. Koma pali zina zimene bambowo mwina sadazione bwino. Alenje amenewa amathira chakudya milungu yambiri, koma kuwombera amawombera kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu, chifukwa bakha sachedwa kuchenjera. Mfuti ikalira kawirikawiri, gulu lonse limasamuka osabweranso. Kwa iwo ndi masewera a anthu okhuta, amene amalowetsapo ndalama osayembekezera phindu. Dziwe ndi lawo, famu ndi yawo, chakudya chimachokera m'nkhokwe yosefukira. Inu thamanda ndi la mudzi wonse, mpunga ndi wa ana anu. Tangowerengerani nokha: thumba limodzi lapita kale mfuti isanalire n'kamodzi komwe. Kodi ndi abakha angati amene angabweze thumba limenelo?

Ndipo si maiko onse amene amalola mchitidwewu. Ku America kusaka abakha pamalo othiridwa nyambo ndi mlandu, ndipo lamulo lawo limati malowo amatengedwabe ngati a nyambo mpaka patadutsa masiku 10 chakudyacho chitachotsedwa. Adaona kuti nyambo imasonkhanitsa mbalame zambiri pamalo amodzi moti munthu mmodzi akhoza kuzipulula.

Tsono tibwere kwathu kuno. Mbalame zam'tchire zili pansi pa lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, lomwe lidakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017, ndipo pokonza komalizaku zilango adazikhwimitsa kwambiri. Wofuna kusaka mbalame ndi mfuti amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Dipatimenti yoona za malo osungirako nyama zakutchire. Mfuti nayo ili ndi chiphaso chake chochokera kupolisi. Mfuti yobwera mozemba kuchokera kumalire, kaya ndi gogodela wosula pamudzi, ilibe pepala lililonse, ndipo kungopezeka nayo m'nyumba ndi mlandu ngakhale musanaphe mpheta. Apa ndiye pamene pali nkhani yaikulu, mayi. Thumba la mpunga mukhoza kulipezanso, koma bambo akalowa m'ndende ana anayiwo mudzalera nokha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngati mtima wawo uli pa ulenje, apite okha kuofesi ya dipatimentiyo, akafotokoze poyera kuti akufuna kuthira nyambo pathamanda la m'mudzi, amve yankho kuchokera kwa eni ake.

Kenaka taganizirani za malowo. Nthawi imene abakha amatera ndi yomwe ija kukuchita mdima, amayi akuweruka kudambo, anyamata akukusa ziweto. Mfuti yowombera mbalame imamwaza tinjere tambirimbiri nthawi imodzi. Kanjere kamodzi kokha n'kokwanira kuphulitsa diso la mwana amene wabisala m'bango. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ngozi yotere ikachitika palibe chipepeso chimene chingakwane.

Tinjere timeneti kawirikawiri timakhala ta mtovu. Tambiri timagwera m'madzi n'kukhazikika m'matope, pomwe paja abakha akufufuza mpunga. Bakha amameza timiyala kuti tizimuthandiza kupera chakudya m'nthutumba, ndiye amameza ndi mtovu womwe, n'kumafa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake dziko la America lidaletsa tinjere ta mtovu posaka mbalame zam'madzi mu 1991, Denmark idaletseratu mu 1996, ndipo maiko a mu European Union adaletsa m'madambo kuyambira mu 2023. Mtovu ndi poizoni kwa anthunso, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Kodi madzi amenewo ndi oti muzisambitsira khanda?

Palinso anansi anu. Bakha mukamuitana sadziwa malire a munda. Akatha mpunga wa pathamanda adzatera m'nazale ndi m'minda ya eni ake, ndipo mlandu udzafika pabwalo la amfumu dzina lanu lili patsogolo. Chakudya chotsalira chimaola m'madzi n'kuwanunkhitsa, china chimaitana makoswe. Komanso mbalame zam'madzi ndi zimene zimanyamula chimfine cha mbalame kuchoka dziko lina kupita lina. Matendawa adapha nkhuku zambiri ku Nigeria mu 2006, ndipo mu 2017 adafika ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kusonkhanitsa abakha am'tchire pafupi ndi makola a nkhuku za m'mudzi n'kuitana mlendo amene simukumudziwa.

Chinthu china ndikuchenjezereni pasadakhale. Mfuti ikakanika kupezeka, padzapezeka mnzawo wowanong'oneza kuti angosakaniza tameki kumpungako, abakha adzatola m'mawa. Tsiku limene mudzamve zimenezo musadzadikire ankhoswe, mudzathamangire kwa amfumu tsiku lomwelo. Mankhwala amenewo sasankha. Amapha nsomba, ziweto, agalu ndi munthu yemwe wadya ndiwoyo. Ndiponso kwanuko anthu ambiri sadya nyama yosazinga, nanga mbalame yotola itafa kale adzagula ndani?

Mwina bambowo adzati mbalame ndi za Mulungu, sizingathe. Auzeni za ku Nyanja ya Chilwa, komwe anthu akhala akusaka zipweyo, atsekwe ndi mbalame zina kuyambira kale. Nyanjayo itaphwa mu 1995 nsomba zidasowa, anthu ambiri n'kutembenukira ku mbalame. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapeza kuti mbalame zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa pachaka. Mu 1997 nyanjayo idakhala malo oyamba m'Malawi muno kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2001 alenje eni ake adakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Mwayi wa Mbalame. Adagwirizana zopatula malo ena oti mbalame ziziswana popanda wozisokoneza. Amenewa si azungu ayi, ndi alenje a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe amene adaona ndi maso awo kuti ukapha make nthawi ya dzinja, wapha ndi mazira omwe.

Nanga mutani? Poyamba khalani nawo pansi awiriwiri, ana atagona, osati pagulu. Musayambe ndi mawu oti “mwalakwa”. Yambani ndi matumba. Awerengereni pamodzi kuti atsala angati, pakhomo mumadya wochuluka bwanji pamwezi, ndipo adzatha liti. Mwamuna amakana mawu a mkazi, koma masamu savuta kumva. Mukatero muwapemphe chinthu chimodzi chokha kaye, kuti mpunga usatulukenso m'nyumba.

Chachiwiri, musawalande maloto awo manja n'kuwasiya alibe chogwira. Bambowa aonetsa kuti amadziwa kusamala mbalame, amadzuka, amathira chakudya panthawi yake. Luso limenelo alipititse kukhola. Madeya omwewo amene akutayira m'thamanda akhoza kulera abakha oweta pakhomo. Bakha wathu wamba amafungatira masiku 35 ndipo amaswa ana ambiri nthawi imodzi. Amene uja ndi wanu, sauluka kupita ku Mozambique mfuti ikalira, safuna chiphaso, ndipo mukafuna ndalama ya sopo kapena ya mayeso a mwana mumangogwira mmodzi. Khola likhale kutali ndi thamanda kuti asasakanikirane ndi am'tchire. Ngati ali ndi malo awoawo kudambo, afunse alangizi a zansomba za kukumba dziwe la makumba kapena chilunguni, nsomba zomwe zimakula ndi madeya omwewo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chachitatu, akakana kumva, pitani kwa ankhoswe, ndipo musachite nazo manyazi. Ankhoswe ntchito yawo si kudikira banja lithe ayi. Koma mukakafika musakanene kuti amuna anu ndi opusa. Mukanene zinthu zitatu: chakudya cha ana chikutha, pakhomo pakufuna kubwera mfuti yopanda chiphaso, ndipo thamandalo ndi la anthu onse. Zoti thamanda ligwiritsidwe ntchito yanji si za banja limodzi, n'zofunika amfumu ndi mudzi wonse adziwe.

Za mfutiyo musanyengerere. Auzeni mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti m'nyumba mogona ana anu simulowa mfuti yopanda mapepala. Akapsa mtima lero, mawa adzakuthokozani.

Mawu oti simudayende asakupwetekeni mtima. Kuyenda n'kuona, inde, koma si zonse zimene munthu waona kwa eni zimene zimamera kwanu. Mpunga umene watsalawo usungeni bwino, ndipo mudzandilemberenso kundiuza kuti khola la abakha lafika pati.

Agogo.