Sitima kapena mabasi akulu mu Lusaka: mlimi wa kuno kum'mawa zimkhudza bwanji?

Nkhani ya kayendedwe ka anthu mumzinda wa Lusaka imabwera kawiri-kawiri pa mawailesi ndi m'manyuzipepala. Ena akuti boma limange sitima yonyamula anthu m'kati mwa mzinda. Ena akuti ligule mabasi akulu-akulu ndi kuwapatulira njira yao-yao. Enanso akuti zonsezi n'kutaya ndalama cabe, maminibasi alipo kale, boma lingowonjezera miseu. Kuno kwathu ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi ambiri akamva mkangano umenewu amangoti, "Za a m'tauni izo, ife tifuna fataleza ndi mseu." Mau amenewa ali ndi nzeru yake, koma sakwanira, ndipo ndifuna kufotokoza cifukwa cake.

Coyamba, nkhongole imene boma litenga cifukwa ca Lusaka timabweza tonse. Mlimi amalipira msonkho pogula malata ndi katundu wa m'sitolo, amalipira pa mafuta a motoka imene yanyamula soya wake, ndipo ndalama ya pa geti yolipiritsa ya Reuben Kamanga, pakati pa Katete ndi Chipata, imalowa mu mtengo wa tikiti yake ya basi. Caciwiri, Lusaka yadzala ndi ana athu. Pitani ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Garden, ku Chawama kapena ku Kanyama, mudzamva cinenero cathu pakhomo lililonse. Ndalama imene mwana atha kutumiza kumudzi ndi yokhayo yotsala akacotsapo ya nyumba, ya cakudya ndi ya minibasi. Cacitatu, nshawa, nyemba, matimati ndi mbuzi zathu zimakathera ku msika wa Soweto, ndipo odwala athu otumizidwa kucokera ku St Francis amakafika ku UTH ndi ku cipatala ca khansa. Munthu amene wayenda makilomita pafupi-fupi 500 ndi wodwala, akatsika pa Intercity amakumana ndi bvuto lomweli la mayendedwe.

Tsono tione kukula kwa bvutoli. Lusaka inakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo amene anaikonza sanaganizire khamu la anthu limene lilipo lero. Kalembera wa m'caka ca 2000 anapeza anthu opitirira pang'ono 1 miliyoni m'boma la Lusaka. Kalembera wa m'caka ca 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma lomwelo, ndi oposa 3 miliyoni m'cigawo conse ca Lusaka. Anthu awirikiza kawiri pa zaka 22 cabe. Miseu ikulu-ikulu, ya Great East, Great North, Kafue ndi Mumbwa, yonse imalunjika pakati pa tauni, ndipo maminibasi ambiri amakathera pa masiteshoni a Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium. Motero munthu wocoka ku komboni imodzi kupita ku ina kawiri-kawiri ayenera kuyamba walowa m'tauni ndi kulipira kawiri. Amene alibe ya kawiriyo amayenda pansi, ndipo ngoculuka.

Mkangano umenewu si wacilendo, cifukwa Lusaka inakhalapo nazo kale zinthu zimene anthu akupemphazi. Acikulire akumbukira mabasi a UBZ, kampani ya boma imene inali kunyamula anthu m'mizinda ndi kufikanso kuno kwathu. Kampaniyo inafooka cifukwa ca nkhongole, kusowa kwa zipangizo zokonzera mabasi ndi kayendetsedwe kosalongosoka, mpaka inatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, m'nthawi ya a Frederick Chiluba. Boma linapeputsa msonkho pa mabasi obwera kucokera kunja, ndipo maminibasi a anthu wamba anadzaza malo amene UBZ inasiya. Panalinso sitima ya Njanji, imene inali kuyenda kucokera ku Chilenje, kudutsa m'tauni, mpaka ku George. Inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zaka zimenezo zisanathe inali itaima. Zitsulo zinazulidwa, ndipo m'malo ambiri mmene inali kudutsa anthu anamangamo nyumba ndi masitolo. Okwera analipo ambiri. Cimene cinasowa ndi ndalama ndi dongosolo losamalira cinthu cimene cinali citamangidwa kale.

Pambuyo pake maboma anasankha njira ya miseu. M'caka ca 2013 kunayamba nchito ya L400, yokonza miseu ya mu Lusaka ndi nkhongole yocokera ku China ya madola oposa 300 miliyoni. M'caka ca 2018 kunayamba nchito ina yocepetsa kuthithikana kwa mamotoka, ya madola 289 miliyoni, yambiri mwa ndalamayo yokongola ku India. Ndiyo inamanga milatho ya pamwamba pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Tisakane, miseu imeneyi inathandiza, ndipo makomboni ena anaona tara kwa nthawi yoyamba. Koma mseu ukakula, amene ali ndi ndalama amagula motoka ina, ndipo pakapita zaka zowerengeka mzere wa mamotoka umabwerera. Mai wogulitsa ndiwo amene amakwera minibasi amaima mu mzere womwewo ndi bwana amene ali yekha m'motoka yake. Mseu umagawidwa powerenga mamotoka, osati powerenga anthu.

Apa ndi pamene pali mphamvu ya amene akufuna mabasi akulu. Minibasi yaing'ono imanyamula anthu pafupi-fupi 15. Basi yaitali yolumikiza pakati imanyamula anthu oposa 100, ofunika maminibasi asanu ndi awiri. Ikapatsidwa njira yake imene motoka ina siloledwa kulowamo, siima mu mzere, ndipo imanyamuka pa nthawi yake popanda kudikira kuti idzale. Minibasi singathe kutero. Woyendetsa ayenera kupereka kwa mwini motoka ndalama yoikika tsiku lililonse, agule mafuta, alipire ang'wang'wazi pa siteshoni, zotsalazo ndiye agawane ndi kondakitala. N'cifukwa cake amadikira mpaka mpando wothera udzale, ndipo akanyamuka amathamanga molimbirana okwera. Kuwanyoza anyamata amenewa n'kosathandiza. Dongosolo lenilenilo ndilo liwakakamiza kucita zimenezi.

Koma amene akukana naonso ali ndi mfundo yolemera. Mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a ciwongoladzanja pa nkhongole ya Eurobond, ndipo panapita zaka zoposa zitatu boma likukambirana ndi amene tinawakongola kuti atipepuzire kabwezedwe. Tonse tinamva kuwawa kwake pa mtengo wa unga, wa mafuta ndi wa fataleza. Ndiponso kuno kwathu tili ndi malonjezo akale amene anatidikiritsa. Maboma a Sinda ndi Vubwi anakhazikitsidwa m'caka ca 2012, caka comweco cimene a Michael Sata anayambitsa nchito ya miseu ya Link Zambia 8000. Mseu wocokera ku Chipata kupita ku Vubwi ndi ku Chadiza unali m'gulu la miseu yolonjezedwa, koma nchito inayamba n'kuima kwa zaka zambiri. Mlimi amene wagulitsapo cimanga cake mochipa cifukwa cakuti malole akana kulowa kumudzi kwake m'dzinja ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Kodi ife tinalakwa ciani kuti a ku Lusaka ayambe alandira kaciwiri ndi kacitatu?"

Maiko anzathu atipatsa phunziro. Ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, anatsegula sitima ya magetsi ya m'kati mwa mzinda m'caka ca 2015, ya madola 475 miliyoni, yambiri yokongola ku China. Anthu anaiyamikira kwambiri poyamba. Koma patapita zaka zosakwana khumi, zoposa theka la sitima 41 zimene anagula zinali zitaima cifukwa cosowa zipangizo, pamene nkhongole inali kufunikabe kubweza. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife tiwonjezerepo nkhani ya magetsi. Cilala ca m'caka ca 2024 cinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo nyumba zambiri zinali kukhala pafupi-fupi tsiku lonse popanda magetsi. Wofuna sitima ya magetsi ayambe watiuza kumene magetsiwo adzacokera m'caka ca cilala.

Ku Dar es Salaam, ku Tanzania, anasankha mabasi akulu okhala ndi njira yao-yao. Gawo loyamba, la makilomita pafupi-fupi 21, linayamba nchito m'caka ca 2016 ndi thandizo la World Bank, ndipo ulendo wocokera ku Kimara kupita pakati pa mzinda unafupika kwambiri. Koma nakonso kunabuka mabvuto. Malo osungira mabasi anamangidwa ku Jangwani, kudambo kumene madzi amasefukira, mabasi ambiri anaonongeka osakonzedwa msanga, ndipo anthu anayamba kudikira nthawi yaitali ndi kupanikizana pa masiteshoni. Kusiyana kwake n'kwakuti mseu wa mabasi ndi wochipa kumanga poyerekeza ndi njanji, umamangika pang'ono-pang'ono, ndipo basi ikafa amakanika athu atha kuikonza kapena kugula ina.

Za njanji ife a kum'mawa sitifunika kuuzidwa ndi alendo. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji, yosafika makilomita 30, inayambidwa m'caka ca 1982 ndi kutsegulidwa m'caka ca 2010 ndi a Rupiah Banda. Zaka 28 pa kamtunda kamene munthu amapalasa njinga m'mawa umodzi! M'caka ca 2016 boma linasainanso pangano la njanji yocokera ku Chipata kudzera ku Petauke mpaka ku Serenje, ya madola oposa 2 biliyoni, ndipo zaka zinapita popanda citsulo kuyalidwa. Kusaina pepala ndi kudula riboni n'kosabvuta. Cobvuta ndi kuyendetsa cinthu tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi awiri.

Maganizo anga tsono ndi awa. Lusaka iyenera kuikadi ndalama pa kayendedwe ka anthu ambiri, cifukwa kuzengereza kulinso ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi osauka. Koma iyambe ndi mabasi akulu okhala ndi njira yao, pa mseu umodzi kapena iwiri imene ili ndi anthu ambiri, ndipo sitima idikire mpaka thumba la dziko litalimba. Pamwamba pa izi pakhale mfundo zinai.

Mfundo yoyamba, basi isanagulidwe ngakhale imodzi, anthu auzidwe poyera amene adzalipira zokonzera, matayala ndi malipiro a anchito, ndiponso mtengo wa tikiti. Yaciwiri, gawo lalikulu la ndalama licokere mumzinda momwemo, ku misonkho ya nyumba ndi masitolo akulu-akulu, ku malo oimikapo mamotoka ndi ku masiteshoni. Kwa zaka zambiri ndalama za pa masiteshoni ndi m'misika zinali kugwera m'matumba a makada a zipani m'malo mwa khonsolo, mpaka m'caka ca 2021 pamene a Hakainde Hichilema analamula kuti makada acoke m'malo amenewa. Lamulo limenelo lisungidwe ndi boma lililonse, cipani ciliconse. Yacitatu, oyendetsa maminibasi ndi makondakitala asatayidwe ngati cikwanje cothyoka. Apatsidwe mwai wolowa m'makopaletivu okhala ndi gawo mu kampani ya mabasiwo, ndipo maminibasi azibweretsa anthu kucokera m'kati mwa makomboni kufika pa mseu waukulu. Ambiri mwa anyamata amenewa ndi ana ndi adzukulu athu, ndipo akacotsedwa nchito adzabwerera kuno manja ali m'thumba. Yacinai, ndalama ya miseu ya kumidzi isakhudzidwe. Bajeti ionetse poyera kuti mabasi a Lusaka sanadye mlatho wa ku Vubwi kapena mseu wopita ku depoti ya FRA ku Sinda.

Pomaliza, tisaiwale kuti Chipata nayo inakhala mzinda m'caka ca 2017, ndipo Katete ndi Sinda zikukula m'mbali mwa mseu wa Great East. Lero anthu athu amayenda pa njinga zonyamula anthu ndi pa njinga zamoto, moyandikana ndi malole akulu opita ku Mwami ndi ku Chanida. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Cimene Lusaka ikuciona codula lero ndi malo, cifukwa pamene panayenera kudutsa basi pali kale nyumba ya munthu yofunika kulipiridwa. Ife malo tikali nao. Makhonsolo athu ndi mafumu athe kupatula tsopano malo a masiteshoni, njira za njinga ndi za oyenda pansi, maploti asanagawidwe onse. Izi sizifuna nkhongole ya kunja. Ndalama ya CDF, imene inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'caka ca 2022, itha kuyambitsa zina mwa nchitozi ngati makomiti a m'mawadi azipempha.

Tsono aphungu ndi makhansala akabwera kudzacititsa msonkhano, tisangowafunsa za fataleza yekha. Tiwafunsenso kuti nkhongole yatsopano iliyonse ya Lusaka ndi ya ndalama zingati, idzabwezedwa ndi yani ndipo kwa zaka zingati, ndiponso kuti mseu wathu uli pa tsamba liti la bajeti yomweyo. Wobweza nao nkhongole ali ndi ufulu womva mayankho amenewa pepala lisanasainidwe.