Kodi khansala wako umamudziwa dzina?

Dzulo pa Chitakale ndinafunsa anzanga atatu dzina la khansala wakwathu. Onse zii! Koma ikakhala nkhani ya pulezidenti, eee, aliyense ndi katswiri pa Facebook.

Vuto lagona pamenepa. Pa 16 September 2025 tinaponya mavoti atatu, koma pa voti ya khansala ambirife tinangochonga chizindikiro cha chipani basi. Chonsecho za zimbudzi za pamsika wa Limbuli, zinyalala za pa boma ndi timilatho tomwe Freddy anakokolola mu 2023 zimakambidwa ku khonsolo.

Mwina si kulakwa kwathu kokha. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndiye tinakula tikudziwa kuti chitukuko mwini wake ndi MP. N'zosadabwitsa kuti aphungu ndi makhansala akhala akukokanakokana pa ndalama za CDF.

Ine ndikuti tisadikire 2030, amangwetu. Mufufuzeni khansala wanu, mukakhale nawo pa msonkhano wa VDC, mufunse kuti ndalama za matikiti a pamsika zikugwira ntchito yanji. Tikangokhala chete, nayenso agona tulo zaka 5 zonse.