Lamulo Liteteze Mkazi wa pa Mponela

Fodya akagulidwa ku Kanengo, ndalama zimakwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ndipo nyumba zogona alendo za pa Mponela ndi pa Malomo zimadzaza. Pamenepo pafikanso akazi oyendayenda. Mbusa ali ndi mawu ake pa za khalidwe lawo. Koma wantchito wa Boma ayenera kufunsa funso lina: kodi mkazi wotere akamenyedwa usiku athawira kwa yani?

Anthu ambiri ayesa kuti uhule pawokha ndi mlandu m'Malawi. Sikutero ayi. Ndime 146 ya malamulo a milandu ilanga munthu wodyera pa ndalama za uhule. M'chaka cha 2016 akazi 19 anagwidwa ku Dedza napatsidwa chilango potsata ndimeyi. Koma Jaji Zione Ntaba wa Bwalo Lalikulu ku Zomba anafafaniza chilangocho, nanena kuti lamulolo linaikidwa kuti ligwire odyera akaziwo masuku pamutu, osati akazi eni ake.

Chiweruzo chimenechi sichili chokha. Mu 2015 Jaji Dorothy Kamanga anagamula kuti akazi 11 a ku Mwanza analakwiridwa pamene anayezedwa magazi mokakamizidwa mu 2009. Mu 2017 Bwalo Lalikulu linathetsa ndime 184(1)(c), ija ya vakabu, imene muzu wake uli m'lamulo la ku England la 1824.

Tsono nzeru yake ndi iyi. Mkazi woopa kumangidwa sapita kukadandaula. Mwamuna wankhanza adziwa zimenezi, ndipo amenya, alanda ndalama, akana kondomu, popanda mantha. Mkaziyo abisala kumdima kumene kulibe mboni, ndipo azemba chipatala. Kachilombo ka HIV kamene sikanapezeke pa Mponela kadzafika m'banja la ku Ntchisi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena adzati kuwateteza ndiko kuvomereza uhule. Iyayi. Dokotala wotsuka bala la woledzera sanavomereze mowa.

Mabwalo achita mbali yawo. Chatsala ndi chakuti wapolisi alembe dandaulo la mkaziyo monga la mzika ina iliyonse, namwino amlandire popanda chitonzo, ndipo mphunzitsi asunge mtsikana m'sukulu kuti umphawi usamtsogolere kumsewu. Pakuti lamulo lotsala m'mabuku a ku Zomba silipulumutsa munthu ku Dowa.